Petulo kapena dizilo: zimene zabisala m'manambala a ma pick-up okoka ngolo zolemera

Makampani a galimoto a ku America akamalengeza ma pick-up awo akuluakulu atsopano, nambala imene imatsogola ndi ya kulemera kwa ngolo imene galimotoyo ingakoke. Ford inalengeza kuti F-450 yake ya 2023 imatha kukoka mapaundi 40,000, omwe ndi matani opitirira 18. Chevrolet ndi Ram nawonso manambala awo ali chakomweko, mapaundi 36,000 kapena kuposerako pang'ono. Manambala onsewa ndi a injini za dizilo. Tsono chimene chimazunguza anthu n'chakuti makampani omwewo, m'zaka zomwezo, akhala akuthira ndalama popanga injini zazikulu zatsopano za petulo, ndipo ogula ambiri amene ntchito yawo ndi yokoka ngolo akuzisankha. Ngati dizilo ndiye mwini ntchito, petulo akufunanji pamenepa?

Kuti funsoli liyankhike bwino, pali zinthu zingapo zofunika kuzimasula chimodzichimodzi.

Pick-up yolemera ndi iti?

Ku United States galimoto zonyamula katundu zimaikidwa m'magulu potengera GVWR, kutanthauza kulemera konse kumene galimoto ikuloledwa kufika itanyamula zonse: iyo yomwe, mafuta, anthu ndi katundu. Ma pick-up wamba monga Ford F-150, Ram 1500 ndi Chevrolet Silverado 1500 nthawi zambiri sapitirira mapaundi 8,500. Kuchokera pa 8,501 kufika pa 10,000 ndi gulu la 2b, mmene mwakhala mukupezeka F-250 ndi ma 2500. Kuchokera pa 10,001 kufika pa 14,000, kapena kuti makilogalamu pafupifupi 6,350, ndi gulu lachitatu, la F-350 ndi ma 3500. Magulu awiri omalizawa ndi amene tikunena pano.

Ogulitsa amawatchulabe ndi maina akale: ya theka la tani, ya makota atatu a tani, ya tani imodzi. Kale mainawa ankanenadi katundu amene galimoto inkanyamula, koma lero atsala maina chabe, chifukwa ya tani imodzi imasenza kuposa pamenepo kangapo. Kunja zimafanana ndi ma pick-up wamba. Kusiyana kuli pansi: chasisi chokhuthala, masipuling'i olimba, ma axle aakulu, mabuleki aakulu, redieta yaikulu, ndipo zina zili ndi matayala anayi kumbuyo m'malo mwa awiri. Msikawu ndi wa makampani atatu okha, Ford, General Motors (eni ake a Chevrolet) ndi Ram. Ford inapatula gulu lake la Super Duty kuyambira pa galimoto za 1999.

Torque ndi horsepower

Apa ndi pamene mkangano wonse wagona, choncho tikhalitsepo pang'ono.

Torque ndi mphamvu yopotokola. Horsepower ndi kuchuluka kwa ntchito imene injini ikumaliza pa nthawi, ndipo imapezeka pochulukitsa torque ndi liwiro limene injini ikuzungulira. Muyeso umenewu unachokera kwa James Watt, amene ankafuna kuyerekeza makina ake oyendera nthunzi ndi mphamvu za akavalo. Taganizirani munthu amene akumasula bawuti yolimba ndi sipanala yaitali: amakankha kamodzi, pang'onopang'ono, bawuti n'kugonja. Mnzake ali ndi mkono wofookerapo koma wachangu. Mukamupatsa chida chochulukitsa mphamvu, amazungulitsa kambirimbiri mpaka bawuti yomweyo n'kumasuka. Woyambayo ndi dizilo, wachiwiriyo ndi petulo, ndipo chida chochulukitsacho ndi giyabokosi.

Tione manambala a Ford. Injini yake ya dizilo ya malita 6.7, Power Stroke yamphamvu kwambiri, imatulutsa torque ya 1,200 lb-ft (lb-ft ndi muyeso wa torque) ikuzungulira maulendo 1,600 okha pa mphindi. Ya petulo ya malita 7.3 imatulutsa 485 lb-ft, osafika ndi theka lomwe, ndipo imafika pamenepo ikuzungulira maulendo 4,000. Koma pa horsepower mpata ndi wochepa: 500 kwa dizilo, 430 kwa petulo. Liwiro limene galimoto ingakwerere phiri itakoka ngolo limadalira kwambiri horsepower. Ndiye kuti ya petulo ikwera phirilo ndithu, koma giya yake idzatsika, singano ya injini idzakwera kufika pa 4,500 kapena 5,000, ndipo phokoso lidzadzaza m'kabini mpaka oyendetsa osazolowera amaganiza kuti chinachake chikuphulika. Sichiphulika, injiniyo inapangidwa kuti izigwira ntchito pamenepo. Ya dizilo ikwera phiri lomwelo ikung'ung'udza chapansipansi, woyendetsa akucheza ndi mnzake osakweza mawu.

N'chifukwa chiyani dizilo ali ndi torque yochuluka choncho? Injini ya petulo, imene maziko ake anayala Nicolaus Otto mu 1876, imasakaniza mafuta ndi mpweya kenako pulagi n'kuyatsa. Singapanikize mpweyawo mopitirira chifukwa petulo angayake yekha nthawi isanakwane, n'kuwononga pisitoni. Injini ya Rudolf Diesel ya m'zaka za m'ma 1890 ilibe mapulagi oyatsira: imapanikiza mpweya wokhawokha mpaka utatentha kwambiri, kenako mafuta amafayiridwamo n'kuyaka okha. Ya petulo ya Ford ija imapanikiza mpweya ka 10.5, pamene za dizilo zimafika cha m'ma 16. Pamwamba pa apo, injini zonse zitatu za dizilo za m'ma pick-up awa zili ndi turbo yokankhira mpweya wambiri m'masilinda, pamene za petulo zonse zimakoka mpweya paokha.

Mmene dizilo analandira ufumu, ndi mmene petulo anabwererera

Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, wofuna kukoka zolemera ankagula V8 yaikulu ya petulo, monga 460 ya Ford kapena 454 ya Chevrolet. Dizilo analowa pang'onopang'ono: General Motors mu 1982 ndi injini ya malita 6.2, Ford mu 1983 ndi ya malita 6.9 yochokera ku International Harvester. Chimene chinasintha maganizo a anthu ndi Dodge Ram ya 1989 (kholo la Ram ya lero), imene inalandira injini ya kampani ya Cummins ya masilinda 6 ondandalika mzere umodzi, ya malita 5.9, yokhala ndi turbo. Inali yosavuta kukonza, yosamwa mafuta, ndipo inkayenda mitunda yosaneneka. Ford inayankha ndi Power Stroke mu 1994, General Motors n'kubwera ndi Duramax mu 2001 mothandizana ndi Isuzu. Kuyambira pamenepo mpikisano wa torque sunaime, ndipo mu 2019 Ram inakhala yoyamba kufika pa 1,000 lb-ft.

Pali nambala imodzi imene ndimaona kuti anthu amaiwala. Cummins ya 1989 ija, imene ena amaitchula ngati nthano, inkatulutsa horsepower 160 ndi torque ya 400 lb-ft. Injini iliyonse ya petulo imene ili m'ma pick-up olemera atsopano imaposa manambala onse awiriwo. Ngolo zambiri zimene anthu amakoka sizinalemere kuwirikiza katatu chichokereni nthawi imeneyo. Dizilo ndiye anathamanga n'kusiya zosowa za ogula ambiri m'mbuyo.

Za petulo zimene zilipo ndi izi. Ram ili ndi Hemi V8 ya malita 6.4, imene inalowa m'gululi mu 2014, ya horsepower yoposa 400 pang'ono ndi torque ya 429 lb-ft. General Motors inabweretsa V8 ya malita 6.6 pa galimoto za 2020, ya horsepower 401 ndi 464 lb-ft. Chaka chomwecho Ford inatulutsa ya malita 7.3 ija, imene anthu amaitcha Godzilla, yopangidwira ku Windsor m'dziko la Canada, ndipo mu 2023 inawonjezera mng'ono wake wa malita 6.8, wa horsepower 405. Godzilla inadabwitsa anthu chifukwa Ford inabwerera ku kapangidwe kakale, kamshafti imodzi ili m'kati mwa buloko yachitsulo, mavavu awiri pa silinda iliyonse. Anachita dala. Cholinga chinali injini yokhala ndi ziwalo zochepa, imene ingagwire ntchito yolemetsa tsiku lonse ndipo makaniko wamba angaikonze.

Chinthu china chimene chinakweza petulo sichili mu injini. Kale giyabokosi inkakhala ndi magiya anayi, kenako 6, ndipo pakati pa giya ina ndi inzake pankakhala mpata waukulu: paphiri injini inkasowa pokhala, mwina kukuwa mopitirira, mwina kufooka. Lero Ford ndi General Motors amaika magiya 10, Ram amaika 8. Giya yoyamba ndi yotsika kwambiri moti imanyamutsa ngolo mosavuta, ndipo magiya apakati ali pafupipafupi moti injini imakhala pomwe pali mphamvu zake.

Utsi ndi zida zousefa

Chimene chinapangitsa dizilo kukhala wodula ndi wovuta ndi malamulo a utsi. Utsi wa dizilo umakhala ndi mwaye ndi mipweya ya nitrogen oxide, zomwe zimawononga mapapo. Bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, linakhwimitsa malamulo m'magawo. Mu 2006 kunabwera dizilo wa sulfure wochepa kwambiri. Kuyambira 2007 galimoto zinayamba kukhala ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, yotchedwa DPF. Malire a 2010 anabweretsa thanki yachiwiri, ya madzi otchedwa DEF, omwe ndi urea wokwana 32.5 peresenti wosungunulidwa m'madzi oyera, amene amafayiridwa mu ekizozi kuti asandutse mipweya yoipa ija kukhala nitrogen ndi nthunzi.

Zidazi zimagwira ntchito, ndipo utsi wakuda umene unkadziwika ndi dizilo unatha pa galimoto zatsopano. Koma zili ndi khalidwe lake. Sefa ikadzaza, kompyuta ya galimoto imakweza kutentha kwa ekizozi kufika madigiri pafupifupi 600 kuti mwaye upse, ndipo izi zimafuna ulendo wautali pa liwiro labwino. Galimoto imene imakoka ngolo mumsewu waukulu tsiku ndi tsiku sizimaivuta. Imene imayenda timaulendo tifupitifupi m'tauni, kapena kuima ikulira maola ambiri pamalo omanga nyumba, imatseka sefa msanga, nyali n'kuyaka pa dashibodi. DEF akatha, kapena sensa yake ikanama kuti watha, kompyuta imachepetsa liwiro la galimoto mpaka vutolo litakonzedwa. Ichi n'chifukwa chake makampani okhala ndi galimoto zambiri zogwira ntchito m'matauni, ngati a magetsi, a mapaipi ndi okonza misewu, ambiri anabwerera ku petulo.

Nkhani ya utsiyi yafikanso kumakhoti. Mu December 2023 zinalengezedwa kuti Cummins ivomera kulipira chindapusa cha madola 1.675 biliyoni pa mlandu woti injini za m'ma Ram 2500 ndi 3500 zinali ndi mapulogalamu ozembera malamulo a utsi, ngakhale kampaniyo sinavomere kuti inalakwa mwadala. Eni galimoto ena amachotsa okha zida zosefa utsizi, koma malamulo a dzikolo amaletsa, ndipo magalaja ochita zimenezi akhala akulipitsidwa.

Nambala ya pa chitseko

Tibwerere ku mapaundi 40,000 aja. Kale kampani iliyonse inkadziyezera yokha mmene yafunira. Bungwe la akatswiri a zamagalimoto la SAE linakonza muyeso umodzi wotchedwa J2807, umene Toyota inayamba kuutsatira mu 2011, makampani atatu a ku America aja n'kutsatira cha m'ma 2015. Mbali yotchuka ya muyesowu ndi chitunda cha Davis Dam ku Arizona: makilomita pafupifupi 18 okwera okhaokha, kunja kukutentha madigiri osachepera 38, choziziritsira m'galimoto chitatsegulidwa mpaka kumapeto, ndipo galimoto isatsike liwiro loikika kapena kuwiritsa injini. Amayesanso kunyamuka pamalo otsetsereka, kutsogolo ndi chambuyo, komanso mabuleki.

Muyesowu unathandiza, koma nambala ya pa chikwangwani ndi ya galimoto imodzi yosankhidwa bwino: kawirikawiri ya zitseko ziwiri, ya matayala anayi kumbuyo, yopanda zokometsera, mutakwera anthu awiri okha. Imene munthu amagula, ya zitseko zinayi, yokoka ndi matayala onse, ya mipando yachikopa, imakhala ndi nambala yotsikirapo.

Ndipo nthawi zambiri si nambala yokoka imene imayamba kutha. Imayamba ndi payload, katundu amene galimoto ingasenze pamsana pake, yolembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Ngolo siimangokokedwa, mbali ina ya kulemera kwake imatsamira pa galimoto. Yokolekedwa kumbuyo pansi pa bampala imatsamiritsa 10 mpaka 15 peresenti. Zikuluzikulu, za fifth-wheel ndi gooseneck, zimene zimakolekedwa m'kati mwa bodi pamwamba pa axle yakumbuyo, zimatsamiritsa 15 mpaka 25 peresenti.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Banja lagula nyumba yoyenda nayo ya fifth-wheel yolemera mapaundi 12,000. Ikakolekedwa, mapaundi 2,400 akhala pa galimoto. Chitsulo chokolekera chimene chamangidwa m'bodi chikulemera 200. Anthu anayi ndi zikwama zawo, 700. Zonse pamodzi 3,300. Tsono injini ya dizilo, pamodzi ndi turbo, mabatire awiri, thanki ya DEF ndi zosefa utsi, imalemera mapaundi mazana angapo kuposa ya petulo, ndipo kulemera konseko kumachotsedwa pa payload. Zikhoza kuchitika kuti 2500 ya petulo ili ndi 3,500 pa chitseko, ya dizilo yofanana nayo ili ndi 2,800. Ya dizilo ikoka ngoloyo osamva n'komwe, koma yadutsa malire ake, pamene ya petulo, imene ikuvutikirapo paphiri, ili m'kati mwa malire. Makampani anaona vutoli ndipo ayamba kukweza GVWR ya ma 2500 ena kupitirira 10,000, motero malire a magulu aja sakuonekanso bwinobwino ngati kale.

Palinso malire a laisensi. Galimoto ndi ngolo zikaloledwa kulemera mapaundi 26,001 kapena kuposa, ngoloyo payokha ikuposa 10,000, woyendetsa pa ntchito yamalonda amafunika laisensi ya madalaivala a malole, CDL. Kwa okoka ngolo zawo zokasangalala nazo, malamulo amasiyana boma ndi boma. Apa n'zoonekeratu kuti manambala a pamwamba penipeni aja ndi a anthu ochepa.

Phiri: pokwera ndi potsika

Pamalo okwera mpweya umapepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse. Pa Eisenhower Tunnel, mumsewu wa I-70 ku Colorado, pamene pali pa mamita pafupifupi 3,400, V8 ya petulo imakhala itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Turbo ya dizilo imabwezeretsa mbali yaikulu ya mpweya wosowawo. Wokhala m'chigwa sangaone kusiyanaku. Wodutsa mapiri a Rocky mlungu uliwonse amakuona.

Potsika ndi pamene pamaopsa kwambiri, chifukwa mabuleki akatentha amasiya kugwira. Injini ya petulo imadzigwira yokha woyendetsa akachotsa phazi, makamaka pa giya yotsika. Ya dizilo mwachibadwa siigwira kwenikweni, choncho anaiikira exhaust brake, imene imapanikiza utsi potuluka kuti injini ilimbane ndi kuzungulira kwa matayala. Chidachi chimagwira mwamphamvu kuposa mmene injini ya petulo ingachitire, ndipo ambiri amene amakoka matani 7 kapena kuposa amati ichi chokha n'chokwanira kuwasungitsa ku dizilo.

Ndalama

Kusankha dizilo pogula kumawonjezera madola pafupifupi 10,000, nthawi zina kuposa. Sevisi yake ndi yodula: Cummins imamwa makwati 12 a oyilo pamene Hemi imamwa 7 (kwati imodzi ndi pafupifupi lita imodzi), ndipo pali mafyuluta a mafuta ndi DEF. Pampu ya mafuta ikaphwanyika imatha kumwaza tizitsulo m'mapaipi ndi m'ma injector (zofayira mafuta m'masilinda) onse, bilu n'kufika madola masauzande ambiri. Pa filing'i siteshoni, dizilo ku America kawirikawiri ndi wodula kuposa petulo, ndipo msonkho wa boma lalikulu ndi masenti 24.4 pa galoni poyerekeza ndi 18.4.

Mbali inayi, galoni ya dizilo ili ndi mphamvu zoposa ya petulo ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo injiniyo imagwiritsa bwino ntchito mphamvuzo, makamaka ikalemedwa. Thanki imodzi imapita patali, chomwe si chinthu chaching'ono kwa munthu amene akukoka ngolo ya mamita 12 ndipo sangalowe pa siteshoni iliyonse. Pogulitsanso, ya dizilo imagwira mtengo.

Chovuta n'chakuti wogula alibe nambala ya boma yoti ayerekezere. Ma pick-up a GVWR yoposa mapaundi 8,500 sakakamizidwa kumata kapepala ka EPA kosonyeza kamwedwe ka mafuta. Tiyesenso ndi manambala ongoyerekeza: ya petulo ikuyenda mamailosi 8 pa galoni ya madola 3.20, ya dizilo mamailosi 11 pa galoni ya madola 3.80. Mailosi imodzi ikudya masenti 40 kwa woyamba, pafupifupi 34.5 kwa wachiwiri. Kuti madola 10,000 abwerere kudzera m'mafuta okha, pafunika kukoka mamailosi opitirira 180,000. Wonyamula ng'ombe, mathirakitala kapena galimoto zogulitsa tsiku lililonse afika pamenepo m'zaka zochepa. Wokoka boti kapena nyumba yoyenda nayo patchuthi pokha mwina sadzafikapo. Mitengo ya mafuta ikasintha pang'ono, masamu onsewa amasinthanso.

Zimene sizinadziwikebe

Funso loyamba ndi la turbo. M'ma pick-up wamba, injini zazing'ono za petulo zokhala ndi turbo zinalowa kalekale, kuyambira pa EcoBoost ya F-150 mu 2011. M'gulu lolemerali palibe kampani imene yaikamo. Chifukwa chimene akatswiri amatchula ndi kutentha: injini yotere ikalemedwa kwa maola ambiri imafunika kuthira petulo wowonjezera kuti izizire, phindu la mafuta n'kutha. Komabe Cummins yapanga injini ya petulo ya malita 6.7 yokhala ndi turbo, B6.7 Octane, pa maziko a injini yake ya dizilo, yolowera m'malole apakati. Ngati ingadzatsikire m'ma pick-up, mzere wolekanitsa mafuta awiriwa ungafufutike kwambiri.

Lachiwiri ndi la malamulo. Malire a utsi amakhwima kapena kufewa malinga ndi amene ali m'boma ku Washington, ndipo California yakhala ikulimbana ndi boma lalikulu pa ufulu woika malamulo akeake. Mu 2025 EPA inauza makampani kuti afewetse mmene galimoto zimachepetsera liwiro DEF akavuta. Kupanga injini yatsopano kumatenga zaka zambiri, choncho makampani akupanga zosankha lero osadziwa malamulo amene adzakhalepo galimotoyo ikamadzatuluka.

Lachitatu ndi la magetsi. Mota ya magetsi ili ndi torque yonse kuyambira poyima, ndipo potsika phiri imagwira galimoto uku ikubwezera moto m'batire. Koma ma pick-up a magetsi amene alipo amataya pafupifupi theka la mtunda wawo akakoka ngolo yaikulu, batire limadya payload, ndipo malo ambiri otchajira sanamangidwe moti galimoto ilowe ndi ngolo. Njira yapakati imene ikukambidwa ndi yoti matayala aziyendetsedwa ndi magetsi, injini ya petulo izingopukusa jenereta. Palibe amene waionetsa ikugwira ntchito pa 2500 kapena 3500 yogulitsidwa kwa anthu.

Lomaliza ndi la kulimba. Mbiri yoti dizilo amakhalitsa inamangidwa pa injini zosavuta za m'ma 1990, zopanda sefa ndi masensa ambirimbiri. V8 zatsopano za petulo za Ford ndi General Motors zinayamba mu 2020, ndipo ndi zochepa zimene zayenda kale mitunda yoti munthu n'kuweruzirapo. Kuti tidziwe ngati mwini wachitatu wa galimoto yotere adzalira ndi ma lifter (tizitsulo tokankha mavavu) a petulo kapena ndi ma injector ndi sefa za dizilo, tidikira kuti galimoto za 2020 mpaka 2025 zifike m'magalaja zili ndi mamailosi 250,000 pa dashibodi.